Loko wa pa Chipinda cha Mabatire

Tiyamike ndi Dalitso, ana anga, anthu a kuno ku Area 23 amanditchula kuti "a penshoni." Amatero moseka, chifukwa imvi ndilibe ndipo zaka makumi anayi sindinazikwanitse. Inu mukukula mukumva dzinali, ndipo tsiku lina mudzafuna kudziwa chimene chinachotsa bambo wanu m'boma anzake akadali kukwezedwa. Ndalemba mutu uno kuti mudzamve kwa ine, osati kwa anthu a pamsika. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndazidumpha. Azakhali anu amazidziwa kuposa ine, ndipo amazikometsa.

Chaka choyamba m'boma

Nditamaliza maphunziro a zamagetsi ku koleji, ndinalembedwa ntchito mu ofesi yokonza zipangizo za m'zipatala zing'onozing'ono za mumzinda uno. Ofesiyo inali chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, momwe munkanunkha oyilo ndi makatoni onyowa. Bwana wanga anali a Msosa, bambo wamfupi wa ku Dedza, amene ankavala jekete ngakhale mu Okutobala. Sanali munthu wankhanza. Anali atakhalitsa m'boma, ndipo ankalidziwa monga momwe munthu amadziwira msewu wa kwawo, pamene pali dzenje ndi pamene pali galu wolusa. Ntchito yathu yaikulu masiku amenewo inali majenereta. Pafupifupi jenereta iliyonse inali yabwinobwino, chosowa chinali dizilo. Galimoto ikapezeka, tinkapita pachipatala ndi kabotolo ka mafuta, kuiliza jeneretayo pang'ono, kumvetsera kulira kwake, kenako kuizimitsa n'kubwerera. Magetsi akathima mawa lake, anamwino ankayatsa makandulo pafupi ndi jenereta yabwinobwino.

Tsiku lina tili pa ulendo wotero, ndinaona zimbudzi zatsopano, zopenta bwino, zonse zokhoma, pamene odwala ankaima pamzere pa chimbudzi chakale chong'aluka. Ndinafunsa chifukwa chake.

"Sizinatsegulidwe," anatero a Msosa.

"Kiyi wasowa?"

Anandiyang'ana mondimvera chisoni. "A Ngozo, ku koleji anakuphunzitsani kuti chinthu chimagwira ntchito chikalumikizidwa. M'boma chinthu chimagwira ntchito akachitsegulira alendo olemekezeka. Muloweze zimenezo, mudzafika pa penshoni."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za achikulire.

Zaka za ku Mgona

Magetsi a dzuwa atayamba kufika m'zipatala kudzera mwa opereka thandizo a kunja, a Msosa ananditumiza kukayang'anira oyamba, chifukwa mu ofesi yathu ndinali ndekha amene ndinawaphunzirako. Kachipatalako sinditchula dzina lake. Ndinachita lendi chipinda ku Mgona kuti ndiziyenda wapansi. Zipangizo zake zinali zochepa: mapanelo angapo padenga, mabatire osungira mphamvu, ndi inveta, chomwe ndi kabokosi kosandutsa mphamvu ya m'mabatire kukhala magetsi onga a m'nyumba. Miyezi yoyamba anthu ankabwera kudzangoonerera. Kenako mavuto anayamba, ndipo sanali a m'mabuku. Fumbi la m'msewu linkakuta mapanelo mpaka kufiira, koma chipatala chinalibe makwerero, ndipo panalibe munthu amene ntchito yake inati azitsuka denga. Mafoni a dera lonse ankatchajidwa m'chipinda cha mankhwala. Wina ankawiritsirapo madzi a tiyi ndi ketulo, ndipo aliyense amene ndinamufunsa anati tiyi samwa. Panelo limodzi linabedwa, ndipo patapita nthawi ndinaliona padenga la shedi yoonetsera mpira. Mabatire atayamba kufooka, ndinapempha atsopano. Yankho linali lakuti boma silingakonze chinthu chimene silinagule, ndipo opereka thandizo sangakonze chinthu chimene anapereka kale.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi amayi anu, Esinati Nachisale, amene anali namwino wa ana. Mawu oyamba amene anandiyankhula anali odandaula. Anandipeza nditagwada pa mabatire ndipo anati, "Ndinu a sola aja? Sola wanuyu amagona msanga ngati nkhuku. Dzuwa likangolowa, naye walowa."

Ndinayamba kufotokoza za fumbi ndi za kusowa kwa makwerero, mwatsatanetsatane monga ndinaphunzirira. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anachoka. Masana anabwera ndi makwerero obwereka kwa mmisiri wina womanga nyumba, ndowa ya madzi ndi mopu wa m'wodi.

"Kwerani," anatero. "Ine ndigwira pansi. Mukagwa, muli kale pachipatala."

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ndinkatsuka mapanelo iwo atagwira makwerero. Mabatire aja anafabe, koma anafa mochedwerapo, ndipo pofika nthawi imeneyo tinali titapita kale kukaonekera kwa ankhoswe. Iwe Tiyamike unabadwa tikadali ku Mgona. Amayi anu atasamutsidwira ku chipatala china chakumadzulo kwa mzinda, tinapeza nyumba ku Chinsapo, ndipo ine ndinabwerera ku ofesi ya a Msosa.

Chilimwe cha loko

Pa chipatala chatsopano cha amayi anuwo ndi pamene panaikidwa sola wamkulu kuposa onse amene ndinali nditawaonapo. Mapanelo anadzaza denga lonse la mbali ya amayi oyembekezera. Anamanga chipinda cha mabatire chokhala ndi chitseko chachitsulo. Mphamvu yake inali yokwanira kuyatsa chipatala chonse ndi kuyendetsa filiji ya katemera usana ndi usiku. Ine ndinatumidwa kukaona ntchitoyo m'malo mwa boma, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti zonse zinali bwino. Kontirakita amene anaika zipangizozo anayatsa, mababu anawala, filiji inalira. Kenako anazimitsa, anatseka chitseko chija, anakhoma ndi loko wamkulu wachikasu, naika kiyi m'thumba mwake. Mgwirizano unkati zipangizozo ndi zake mpaka tsiku la mwambo wozipereka ku boma. Tikazigwira tsikulo lisanafike, iye sadzakhalanso ndi udindo wokonza chilichonse chikadzaonongeka. Nthawi imeneyo amayi anu anali oyembekezera iwe Dalitso, ndipo ankanena kuti udzakhala mwana woyamba kubadwira m'kuwala kwa sola.

Mwambo unakonzedwa koyamba, koma mlendo wolemekezeka anapita kunja. Unakonzedwanso, ndipo kunagwa maliro a munthu wamkulu. Kachitatu, mkulu wa opereka thandizo anali atasinthidwa, ndipo watsopanoyo anafuna kudzakhalapo yekha. Atafika, zinapezeka kuti chikwangwani chamkuwa chinali ndi dzina la mlendo amene anali atachoka kale pa udindo wake, choncho chinayenera kupangidwanso. Nthawi iliyonse miyala ya m'mbali mwa njira inkapakidwa laimu, kwaya ya amayi inkayeserera nyimbo, udzu unkatchetchedwa. Mvula inkatsuka laimu uja, udzu unkameranso. Iwe Dalitso unabadwira momwemo loko ali pachitseko. Amayi anu anamaliza tchuthi chawo cha uchembere, anabwerera ku ntchito, loko ali pomwepo.

Chinali chaka chimene magetsi ankathima kwambiri. Katemera safuna kutentha. Filiji ikakhala nthawi yaitali osalira, katemera yense amaonongeka, ndipo woonongeka saoneka kusiyana ndi wabwino. Choncho magetsi akachedwa kubwera, amayi anu ankalongedza katemera m'bokosi labuluu lokhala ndi madzi oundana, kukwera kabaza mpaka pa siteji, kenako minibasi mpaka ku chipatala china chomwe jenereta yake inali ndi mafuta. Magetsi akabwera, ankapita kukamutenganso. Lamba wa bokosilo anaduka, iwo anamangirira chidutswa cha chitenje chawo. Makondakitala a minibasi ankawadziwa, ankawaitana kuti "amayi a fizesi," ndipo ena ankafunsa mtengo wake.

Ndinapita kwa a Msosa kangapo. Ndinawauza kuti mabatire okhala osagwira ntchito amafooka okha, ndi kuti tikudikira mwambo wa chinthu chimene chikufa m'chipinda chokhoma.

"Ndikudziwa," anatero. "Koma mukayatsa lero, mawa inveta n'kupsa, kontirakita adzati munaigwira ndinu. Adzagula ina ndani? Mwaiwala za ku Mgona? Loko uja ndi amene akutiteteza."

Sanali kunama. Chovuta cha a Msosa chinali chimenecho, kawirikawiri ankanena zoona.

Tsiku lina Lamulungu titachoka ku tchalitchi, amayi anu atakhala pakhonde akuyamwitsa, ndinaona pa phewa pawo mzere wakuda pomwe pankadutsa lamba wa bokosi. Ndinawauza kuti ndili ndi sowo yodulira zitsulo, ndipo loko uja si wolimba monga amaonekera.

"A Ngozo, mwayamba liti umbava?"

"Si umbava. Ndi zinthu za chipatala."

"Ndi za chipatala akadula riboni. Panopa ndi za kontirakita wa pikapu yoyera uja." Anasamutsira mwana ku bere lina. "Mukadula loko, iwo adula inu. Ndiye ana awa adya chiyani? Mapanelo?"

"Muli pa ntchito inu."

"Malipiro a namwino? Musandiseketse, mwana angatsamwe. Bokosi silindilemera ine. Dikirani, abwera alendo anuwo. Ndikufuna ndidzavine pamwambo, ndasoketsa kale diresi."

Ndinawamvera. Nthawi zambiri ndinkawamvera, ndipo nthawi zambiri zinkandiyendera bwino.

Febuluwale

Amayi anu anayamba kudandaula mutu mvula ili pakati. Anadwala masiku ochepa ndipo anamwalira ku chipatala chachikulu. Matenda awo sanakhudzane ndi magetsi kapena bokosi lija, ndipo sindifuna kuti mudzakule mukuganiza kuti pali munthu amene anawapha. Tinakawaika kwawo ku Dedza. A Msosa anapeza galimoto ndi mafuta, sindidziwa kumene anazitenga, ndipo anakhala nafe mpaka tsiku lomaliza. Diresi lija anavala mng'ono wawo Rozi pa tsiku lomwelo, chifukwa ndinamupempha.

Ndinabwerera ku ntchito mwezi usanathe. Rozi anachoka ku Kawale kudzakhala nafe kuti azikuyang'anirani masana. Tsopano malipiro anali amodzi, anga okha.

Tsiku la sikelo

Iwe Dalitso utakwana miyezi yolandira katemera wa chikuku, Rozi anali ndi mayeso ku sukulu yake ya zosoka, choncho ndinapempha tsiku ku ofesi ndi kukutenga ndekha. Kubereka kumbuyo ndinali ndisanakuzolowere, ndiye ndinakumangirira kutsogolo ndi chitenje cha amayi ako. Chikuku chinali chitamveka m'makomo ena a ku Chinsapo, choncho mzere unali wautali, kuyambira pakhonde mpaka pansi pa mtengo wa mango. Mwamuna ndinali ndekha. Magetsi anali atathima kuyambira dzana lake, ndipo mafuta a galimoto ankasowa m'tauni monse.

Amayi a pamzere sanachedwe kundiyamba.

"Taonani abambo enieni awa! Athu aja ali ku bawo."

"Koma mwamumanga ngati mtolo wa nkhuni, bambo. Bweretsani kuno." Mayi wina wonenepa, wogulitsa tomato, anamasula chitenje n'kuchimanganso bwino, akundizunguliza ngati mwana. "Mayi wake ali kuti, akugona?"

Mnzake anamugwira mkono n'kumunong'oneza. Mayi uja anandiyang'ananso, ndipo anati chapansipansi, "Pepani bambo. Anesi athu aja? Ndi amene anabaya ana anga onse." Kenako anakonza chipewa chako.

Dzuwa litakwera, panatuluka Sisita Mwale, mkulu wa anamwino, amene anagwira ntchito ndi amayi anu kwa zaka zambiri. Anaima pakhonde n'kuomba m'manja kuti anthu akhale chete. Ananena kuti ana ayezedwa pa sikelo monga mwa nthawi zonse, koma katemera kulibe. Namwino amene anatenga bokosi dzulo lake anaima pa siteji mpaka madzi oundana anasungunuka, minibasi osapezeka. Katemera yense anayenera kutayidwa.

"Ndiye tibwere liti?" anafunsa wina.

"Sindikudziwa. Akuluakulu ati satumizanso wina mpaka filiji yathu ikhale yodalirika."

"Nanga magalasi ali padengawo ndi odziyang'anirapo akhwangwala?" anakuwa mayi wa tomato uja. Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mkwiyo. Ena anayamba kumangirira ana kumbuyo kuti azipita.

Sisita Mwale atandiona anabwera pomwe ndinaima. Anakugwira tsaya iwe Dalitso, n'kunena kuti wafanana ndi mayi ako pamphumi. Sanandipemphe kanthu. Kuseri kwake, pakhomo la chipinda cha katemera, panali bokosi labuluu lija, lotsegula, chidutswa cha chitenje chikadali pa lamba.

Ndinakhala pa benchi kwa nthawi ndithu. Ndikufuna mudziwe kuti sindinachite zimenezi mopupuluma kapena chifukwa cholira. Ndinaganiza zonse. Ndikanatha kukutengera ku chipatala china tsiku lina, mafuta akapezeka, chifukwa ndinali ndi anzanga m'zipatala zambiri. Amayi a pamzerewo analibe anzawo otero. Ndinaganiza za inveta, kuti ikapsa ndiye kuti a Msosa analondola. Ndinaganiza za lendi, za sukulu yako Tiyamike, ndi za funso la amayi anu pakhonde paja. Munthu amene anandiletsa anali iwowo, ndipo tsopano sindikanathanso kukambirana nawo kuti asinthe maganizo. Ichi ndi chimene chinandivuta kwambiri.

Ndinakupereka kwa mayi wa tomato, ndinakwera kabaza kupita kunyumba, ndipo ndinabwera ndi sowo ndi chikwama changa cha zipangizo. Ndinauza Sisita Mwale kuti alowe mu ofesi yawo atseke chitseko, kuti akadzafunsidwa adzanene zoona kuti sanaone.

"Ndikhala pompano," anatero. "Maso anga ndi abwinobwino."

Loko uja anali wolimba kuposa momwe ndinawauzira amayi anu. Ndinatuluka thukuta, ndipo amayi amene anali asanapite anandizungulira akulangiza. "Dulirani apa, bambo!" "Musiyeni, ndi ntchito yake!" Loko atagwa, m'chipindamo munatuluka fungo la fumbi lotentha, ndipo pa mabatire panali ndowe za abuluzi. Ndinayeza batire lililonse. Anali atafooka, koma anali amoyo. Ndinalumikiza mwadongosolo lake, pang'onopang'ono, monga kontirakita anachitira tsiku lija. Masanawo filiji inayamba kulira. Panalibe nthungululu. Sisita Mwale anaika dzanja pa chitseko cha filiji, anamvetsera, kenako anapita kukaimba foni yoitanitsa katemera.

Ine ndinaimbira a Msosa ndisanachoke pamalopo. Ndinawauza zimene ndinachita.

"Ikugwira?" anafunsa.

"Ikugwira, bwana."

"Iwe mwana iwe," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula kuti iwe. "Bwera mawa m'mawa. Uvale tayi."

Katemera anafika sabata yotsatira, ndipo iwe Dalitso unabayidwa ndi Sisita Mwale. Unalira kwambiri.

Mwambo

Kontirakita anakadandaula kwa akuluakulu, ndipo anali ndi ufulu wotero. Ndinaitanidwa kukafotokoza pamaso pa anthu amene sanafikepo pachipatalapo. Mmodzi anandifunsa ngati ndinkadziwa kuti ndaika katundu wa boma pachiswe. Ndinayankha kuti ndinkadziwa. Wina anati aganizire kuti ndine wofedwa, mwina mutu sunali bwino. Ndinawathokoza, koma ndinati mutu wanga unali bwino. A Msosa anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Chodabwitsa n'chakuti nkhaniyi inafulumizitsa mwambo. Zitamveka kuti sola akugwira ntchito popanda womutsegulira, tsiku linapezeka msanga. Miyala inapakidwanso laimu. Kutatsala tsiku limodzi, a Msosa anandipeza pachipatalapo ndi uthenga wochokera kumwamba: m'mawa wa mwambo ndizimitse zonse, kuti mlendo wolemekezeka akadzadina swichi, magetsi adzayake pamaso pa makamera.

"Afika nthawi yanji?" ndinafunsa.

"Akuti m'mawa."

"Bwana, inu ndi ine tikudziwa m'mawa wa alendo."

Magetsi a kampani anali atathimanso. M'filiji munali katemera wa mwezi wonse, ndipo ku mbali ya amayi kunali kamwana kobadwa masiku asanakwane, kali pa makina othandiza kupuma. Ndinawauza kuti sindizimitsa, ndipo ngati akufuna atume wina, koma ndidzaima pachitseko.

A Msosa anavula jekete, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Anayang'ana denga, anayang'ana khonde pomwe ankamangapo nsalu za mwambo.

"Alendo safuna magetsi," anatero pomaliza. "Magetsi ali nawo kwawo. Akufuna swichi. Apangireni yawo."

Madzulo amenewo tinakhoma swichi yaikulu yofiira pa thabwa lopenta, pafupi ndi chikwangwani chamkuwa, ndipo tinailumikiza ku mababu a pakhonde okha. A Msosa ndi amene anandigwirira makwerero. Ndikutsika anandiuza kuti si koyamba. Zaka zapitazo anatsegulitsapo mpope wa madzi pomwe kuseri kwa khoma kunali munthu ndi mgolo, akuthira madzi m'paipi.

Mlendo anafika dzuwa litapendeka. Kwaya inaimba, zoyankhula zinayankhulidwa, riboni inadulidwa. Anadina swichi yofiira, mababu a pakhonde anayaka dzuwa likadali kuwala, ndipo amayi analuluta. Mayi wa tomato uja analuluta kuposa onse, akundiyang'ana ine. M'kati filiji inali ikulira monga inkalirira kwa milungu yambiri. Rozi anabwera nanu nonse awiri, atavala diresi lija. Iwe Tiyamike unandifunsa chifukwa chimene anthu akuombera m'manja babu, ndipo ndinakuuza kuti ukhale chete.

Mwezi wotsatira ndinauzidwa kuti ndasamutsidwira ku boma lina lakutali, kumalire. Sanatchule kuti ndi chilango. A Msosa anayesetsa, ndikudziwa, chifukwa anayenda m'maofesi ambiri ndi jekete lawo lija, koma anabwera n'kundiuza kuti apa ndi pomwe mphamvu zawo zathera. Rozi sakanasiya sukulu yake kunditsata, ndipo ine sindikanakutengani kupita nanu kumene kulibe wachibale, kapena kukusiyani chaka chomwecho chimene amayi anu anatisiya. Ndinapempha kusiya ntchito. Pondilawira, a Msosa anandikumbutsa mawu awo a chaka choyamba. "Ndinati muloweze kuti mudzafike pa penshoni. Mwafikatu msanga, a Ngozo."

Masiku ano

Tinasamukira kuno ku Area 23 chifukwa lendi yake ndi yopepukirako. Ndimaika masola ang'onoang'ono m'nyumba za anthu, m'masaluni ndi m'magolosale, ndipo aliyense ndimamuuza za fumbi ndi za ketulo, ngakhale ambiri samva. Miyezi ina ntchito imachuluka, ina imasowa. Anzanga a ku koleji ena tsopano ali ndi maofesi okhala ndi makatani, ndipo tikakumana amandilankhula mokoma mtima kwambiri, ngati wodwala.

Sindinganene kuti zonse zinatha bwino. Mabatire awiri a pachipatala paja anafa msanga, ndipo kontirakita anakana kuwasintha, ponena kuti chitseko chinatsegulidwa ndi munthu wina. Mwina anafa chifukwa chokhala nthawi yaitali osagwira ntchito, mwina ayi. Palibe angatsimikize. Otsalawo akugwirabe, ndipo Sisita Mwale amazimitsa mababu a m'makonde kuti mphamvu itsalire filiji. Pempho la mabatire atsopano lili m'njira, monga linalili la ku Mgona. Swichi yofiira ikadali pakhoma, ndipo anamwino atsopano amaopa kuigwira.

Loweruka lina lililonse ndimakwera minibasi kupita kumeneko ndi mopu wanga. Palibe amene amandituma, ndipo pa geti amangonditsegulira. Makwerero amandigwirira aliyense amene wapezeka. Iwe Tiyamike wayamba kuumirira kuti uzipita nane, ndipo ukadzakula pang'ono ndidzakulola kugwira pansi.

Amayi anu anandiletsa kudula loko uja, ndipo ine ndinamudula iwo atapita. Simudzandimva ndikunena kuti akanavomera, chifukwa sindikudziwa. Anali munthu wosasintha mawu msanga. Iwo anafunsa funso limodzi, kuti ana awa adzadya chiyani. Kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene ndikulemba pano, simunagonepo ndi njala. Ndikanakonda kuwauza zimenezi ndekha, pakhonde paja.